Mgolo wa azakhali unkagona masiku awiri

Mvula yobzalira yagwanso dzulo, ndipo nditamva fungo la dothi ndinazindikira kuti chaka chakwana chimwalirire azakhali anga aNambewe. Anapita nthawi ngati ino, anthu ali m'minda, moti kumanda tinkaponda matope. Amayi amene anasambitsa thupi anandiuza pambuyo pake kuti anamaliza sopo wathunthu, koma manja aja ankanunkhabe dizilo. Ine sindinadabwe. Fungo limenelo ndinkalimva ngakhale m'tchalitchi akamadutsa kupita kukalandira Ukaristia, ndipo mpaka lero lole ikandipitirira pamsewu wa ku Chipata ndimacheuka ngati wina wandiitana dzina.

Anali mlongo wawo wa bambo anga. Anakwatiwa cha ku Mwami, ndipo amuna awo atamwalira anabwerera kwathu kuno kufupi ndi Mtenguleni atasenza mbiya ziwiri, khuntho lokunthira mowa ndi chipewa chaubweya cha malemuwo. Ana analibe. Ankafulula mowa, ndipo anthu ankaudziwa mowa wawo chifukwa cha ukhondo. Mbiya ankazikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka kuwala. Akafika pakhomo pako, maso ankayamba apita pa mbale, moni n'kubwera pambuyo. Mkazi wanga akangowaona akutulukira ankabisa miphika kuseri kwa nkhokwe.

Ine ndi Kosimasi, woyendetsa thirakitala ya gulu lathu la alimi. Inabwera titangolandira ufulu, tauni tikuitchulabe Fort Jameson. Inali yaing'ono, yotuwa, yosaposa ng'ombe ziwiri zoima pamodzi. Sitinaigule ayi. Alangizi a zaulimi anatibwereka, ndipo anatisiyira mawu amene anawabwereza katatu: ikawonongeka chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa, woyendetsayo atsika pampando, iyo n'kupita ku gulu lina, poti oifuna anali ambiri. Anandisankha ine chifukwa ndinkatha kuwerenga, n'kunditumiza kutauni milungu itatu kukaphunzira. Ndinabwerako mapewa ali m'mwamba. Ndinalibe ng'ombe, munda wanga unali wamiyala, ndipo mpando wachitsulo umenewo ndiwo unandichititsa kukhala munthu pamudzi. Ndinkauopera kuposa mmene ndinkaopera matenda.

Amene anawadziwa azakhali zaka zakumapeto amakumbukira kanyumba ka mafuta. Kanali kunja kwa mudzi, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi makhitchini ndi nkhokwe. Denga linali la malata akale, zipupa za nsungwi zotalikirana kuti mphepo izilowa n'kutuluka. M'katimo mgolo sunkaimirira. Unkagona chammbali pa zipika ziwiri za muwanga, kumutu kumene kunali mpopi kutakwezeka pang'ono, kumatako kutatsika. Ankati chilichonse chothira chili ndi nsenga zake, kaya ndi mowa kaya ndi mafuta, ndipo nsenga umazipatsa pokhala kuti zisakutsate. Madzi ndi dzimbiri zinkatsetserekera kumatako kuja, mpopi n'kumatulutsa mafuta oyera okhaokha. Otsalira pansi ankagawira anthu kuti azipaka mitengo ya makola, chiswe chisadye.

Dzuwa likapendeka, ine ndikuchokera kumunda, ndinkawapeza atakhala pamwala wawo pakhomo pa kanyumbako, chigubu chachitsulo chili pamiyendo. Ankayamba apukuta pakamwa pa thanki ndi kansalu kosatuluka ulusi. Kenako ankaika chothirira, m'chothiriramo n'kukhazika chipewa chija cha amuna awo chagada. Mafuta ankadutsa m'chipewamo pang'onopang'ono, dzuwa lamadzulo likuwala m'kati mwake ngati uchi, ndipo ine ndikati ndiwathandize kupendeketsa chigubu ankandikankha ndi chigongono. Thanki inkagona yodzaza tsiku lililonse. Ankati thanki yopanda kanthu imachita thukuta kukazizira, ndipo thukutalo ndi madzi. Akamaliza ankapachika chigubu chozondoka pa msomali, chisanapite ankachigwedeza kaye pafupi ndi khutu.

Mphepo ikayamba kuzizira, mgolo unkalira kamodzi kuti gu, chitsulo chikubwerera m'malo mwake. Iwo ankatukula chala kuti ndikhale chete, n'kunong'ona kuti watembenuka, wagonera mbali ina. Nthawi ngati imeneyo ndiye ankandiuza maloto awo. Kawirikawiri ankalota mtsinje wa Lutembwe utadzaza dizilo, ukuyenda phee, pamwamba pali mitundu ya utawaleza. Amayi a m'mudzi wonse ankapita kukatunga ndi mitsuko, n'kumabwerera mondondozana popanda wodontheza. Iwo okha ankaima pagombe ndi mtsuko wawo osatunga, poti sankadziwa ngati m'kati mwauma. Ine ndinkaseka, n'kumati azakhali adya nyemba zambiri. Iwo sankaseka nawo.

Kukangana ndiye kunali kosasowa. Tsiku lina anandipeza ndikuyamwa paipi kuti ndikoke mafuta mumgolo, poti mpopi unkachedwa. Anandilanda paipiyo n'kundikwapula nayo m'miyendo, ine bambo wa ana awiri, akuti pakamwa ndi podyera ndi popempherera. Bambo anga nawo ankakonda kubwera kudzacheza kaliwo ali pakamwa.

"Achimwene, fodyayo mukasiye pachulu paja."

"Dizilo sayaka ngati petulo. Wandiuza yekha Kosimasi, munthu wophunzira."

"Kosimasi ali ndi denga lake, ili ndi langa. Pachulu."

Anakhala mwezi osalankhulana. Koma kuyambira pamenepo bambo ankasiya kaliwo pachulu, moti anakumba kadzenje kosungiramo, ndipo kadzenjeko kalipo mpaka pano.

Nkhani imene anthu amaikamba kwambiri ndi ya chaka chimene mafuta anasowa. Njira ya kummwera, kumene mafuta ankadzera, inali itatsekeka, ndipo kutauni kunali mizere ya migolo yopanda kanthu. Ndinakhalako masiku anayi ndi pepala logulira mafuta m'manja, n'kupeza mgolo umodzi. Ndinautengera pangolo ya ng'ombe, msewu wonse ukugubuduka m'maenje. Pofika ndinapeza mvula itagwa kale, dothi lafewa, amuna onse a gulu ataima pansi pa mango kundidikira. Azakhali anatiuza tiugoneke pa zipika mwaulemu. Titatero anatseka chitseko, n'kukhoma loko, kiyi n'kumangirira pa nsonga ya chitenje, n'kukhala pamwala.

"Tsopano tsegulani, mayi, dzuwa likupita," anatero a Sakala, amene anali wapampando wa gulu.

"Watopa. Ugone masiku awiri."

"Chinyezi sichidikira munthu."

"Ndikudziwa, bambo. Ndili ndi munda inenso."

Amuna analankhula mawu oipa tsiku limenelo. Wina anati ayesa mgolo ndi mbiya ya mowa. Wina anati aphwanye loko. Ine, manyazi anga, ndinali kumbali ya ophwanya. Azakhali anangotambalala miyendo n'kuyamba kusenda mtedza, ngati tikuimba nyimbo ya kutali. Pamapeto pake anthu anatenga makasu n'kupita kukayamba pamanja akung'ung'udza. M'mawa wa tsiku lachitatu anatiitana. Anamasula kachotsekera ka kumatako kwa mgolo n'kudontheza m'botolo loyera, n'kulikweza padzuwa. Pansi pa botolo panali madzi okwana zala ziwiri, pansi pa madziwo dzimbiri lofiira ngati katondo. A Sakala anangokhosomola n'kundiuza kuti ndikayambire kwa amayi amasiye a kumadambo.

Munda wa azakhali ndinaulima potsiriza, chinyezi chitathawa, ndipo chaka chimenecho anakolola chimanga chosakwana theka la nkhokwe. Zinali choncho chaka chilichonse. Munda wawo unali wotsiriza pamndandanda, ndipo anali atapempha okha. Anthu amene anabwera pambuyo ankati ndi mtima wachikhristu. Ine ndikudziwa kumene zinachokera, ndipo ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Nyengo yoyamba, thirakitala itangobwera, kunalibe kanyumba kaja. Mgolo unkaima kuseri kwa nyumba yanga, chigubu ndi chothirira zili mbwee pansi, zakuda bii ndi fumbi lomatirira mafuta. Azakhali anaziona, mtima wawo wa ukhondo osapirira. M'mawa wina, ine ndikumwa phala, anazitenga kupita nazo kuchitsime. Anazikwecha ndi mchenga ndi phulusa monga ankachitira ndi mbiya, n'kuzitsukuluza bwinobwino, n'kudzaziika pakhonde panga zikunyezimira. Koma chigubu chachitsulo sichili ngati mbiya. Kukamwa kwake n'kwakung'ono, kuli ndi mlomo wopindikira m'kati, moti ukachizondotsa madzi ena amatsalira m'makona.

Ndinatuluka ndikuthamangira kumunda kwa a Sakala. Ndinaona chigubu chikuwala, ndinamva fungo la phulusa. Nditachinyamula ndinamva kanthu kakuyenda m'katimo. Ndinachigwedeza pafupi ndi khutu, kanthu kaja n'kuyankha. Kutauni anali atatiphunzitsa tsiku loyamba lenileni kuti madzi ndiwo mdani wa injini ya dizilo. Koma dzuwa linali litakwera, anthu akudikira kuona Kosimasi pampando, ndipo kuumitsa chigubu kukanadya m'mawa wonse. Ndinadziuza kuti ndi mafuta otsala dzulo. Ndinatsegula mgolo, n'kudzaza chigubu, n'kuthira m'thanki.

Inalima mizere isanu ndi umodzi. Pa wachisanu ndi chiwiri inakhosomola, n'kutulutsa utsi woyera, n'kuzima pakati pa munda. Ndinayesa kuiliza mpaka batire linatha. Makaniko anabwera patapita mlungu, madzi atagona m'pampu ya mafuta masiku onsewo, ndipo atatsegula anapeza dzimbiri litadya kale. Pampu ina inatenga mwezi ndi theka. Thirakitala inakhala pakati pa munda wa a Sakala, udzu ukumera m'matayala, mbalame zikutera pa chiwongolero. Mabanja amene anadalira iyo anabzala mochedwa. Kwa bambo anga chimanga chinatha mwezi wa Okutobala usanafike, ndipo amayi ankapita kukasuma kwa abale awo.

Alangizi anabwera pa njinga yamoto n'kuitanitsa gulu lonse pansi pa mango uja. Anafunsa funso limodzi, kuti madzi analowa bwanji m'thanki. Anthu onse anayang'ana ine. Ndinali nditakonza bodza loti mwina mgolo unabwera ndi madzi kuchokera kutauni, koma sindinafike polinena. Ndiye azakhali anadzuka kumbali ya amayi, n'kubwera kudzagwada kutsogolo.

"Bambo, ndine ndinatsuka chigubu. Ndinachiona chakuda, ndinachitsuka ndi madzi ngati mbiya. Mwanayu ndinamupatsa ndikumuuza kuti chauma."

Sanandiuze kuti chauma. Tsiku limenelo sitinaonane n'komwe.

Alangizi anandiyang'ana. "Ndi zoona zimenezi?"

Ndinayang'ana pansi n'kuvomera ndi mutu.

Anthu anayamba kuseka, poyamba amuna, kenako amayi amene miphika yawo inanyozedwapo. Alangizi nawo anamwetulira, n'kunena kuti nkhalamba yosadziwa sangaiimbe mlandu wa kusasamala, imeneyi ndi ngozi. Thirakitala itsala, woyendetsa atsala. Azakhali sanadzuke. Anati ali ndi zopempha ziwiri. Choyamba, munda wawo uzilimidwa potsiriza, chifukwa cha mabanja amene agona ndi njala. Chachiwiri, awapatse kiyi wa mafuta, poti amene waphwanyapo mbiya ndiye amadziwa pamene imang'ambikira. Bambo anga anakana kwamtuwagalu, akuti mlongo wawo wawachititsa kale manyazi okwanira. Koma alangizi anati ayesedwe. Anakhala nawo madzulo onse kuwafotokozera za mgolo ndi thanki, iwo akumvetsera, n'kumayankha kuti zimenezo ndi za mowa zomwe.

Dzina linawakakamira. Ankawatchula amayi otsuka thirakitala. Pamowa, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, wina ankafunsa ngati sopo watsalako woti asambitsire njinga yake. Munthu amene ulemu wake wonse unali ukhondo anasanduka choseketsa chifukwa cha ukhondo womwewo. Ndinkamva zonsezo ndili pampando wanga, nthawi zina n'kumaseka nawo kuti asandiganizire. Pasanathe zaka ziwiri anasiya kufulula, akuti manja onunkha dizilo sangagwire chimera. Mbiya zija anazivundikira kuseri kwa nyumba. Mathirakitala a magulu ena anafa imodzi imodzi, ena tinkawaona atakhala pa njerwa m'mbali mwa msewu, koma yathu sinakhosomolenso chifukwa cha mafuta. Ine ndinamanga nyumba ya malata, ndinagula ng'ombe zinayi.

Miyezi yawo yomaliza miyendo inatupa, moti ndinkawanyamula pa njinga kupita nawo pamwala paja kuti akaone ndikuthira. Tsiku lina masana, kunja kukutentha, mitambo ikusonkhana cha kumapiri, ndinamaliza kuthira n'kupachika chigubu. Iwo anati ndichigwedeze kaye. Ndinachigwedeza.

"Umachigwedeza bwino," anatero. "Tsiku lija unachigwedezanso chimodzimodzi."

Ndinaima ndi chigubu m'manja.

"Ndinali kuseri kwa nkhokwe yako, ndikuyanika nsalu. Ndinakuona utachiika pakhutu. Ndinayesa wamva kuti n'choyera, ndinakondwa."

"Azakhali, bwanji simunanene pabwalo paja?"

"Ndikananena, iwe ukanatsika, iyo ikanapita. Nkhalamba amaiseka n'kuikhululukira. Wophunzira samukhululukira."

"Nanga zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira kuti udikhe. Iwe ndi mgolo wa pangolo, mwana wa achimwene, sutungika tsiku lomwelo." Anaseka pang'ono, chifuwa chikuwavuta. "Koma wachedwa, ndithu. Masiku awiri anakwana kalekale."

Ndinalira pamenepo ngati mwana, iwo akundiuza kuti ndisadonthezere misozi pafupi ndi thanki. Ndinawalonjeza kuti ndikanena kwa gulu Lamulungu likudzalo. Lamulungu linafika, sindinanene. Linafika lina, sindinanene. Anamwalira mvula itayamba, munda wawo usanalimidwe, poti unali wotsiriza. Ndinawakonda azakhali anga, ndipo ndinawadyera moyo wawo ndili chete. Palibe njira ina yonenera zimenezi.

Lero m'mawa mndandanda unkati ndiyambire kwa a Sakala. Ndinayendetsa thirakitala kudutsa munda wawo osaima, mpaka kumunda kwa azakhali, umene wakhala tsala chaka chathunthu. Ndinaulima wonse dothi likadali lofewa, lakuda, likutembenuka ngati likudzuka kutulo. A Sakala, amene tsopano amayenda ndi ndodo, ananditsatira ndi amuna ena atatu n'kundifunsa ngati mutu wanga uli bwino, kulima munda wopanda woubzala. Ndinazimitsa injini n'kuwauza zonse, za chigubu, za khutu, za mutu umene ndinavomera nawo. A Sakala anakumba pansi ndi ndodo yawo. Kenako anati mlandu suola, koma mwini wake woti akhululuke wapita, iwo sangamulowere m'malo. Anati ndikamaliza ndibwere kwawo, ndipo mbewu ya munda uno atumiza mdzukulu wawo wamkazi abweretse.

Pobwerera ndinadzera ku kanyumba kaja. Mafuta tsopano timasunga m'nyumba ya njerwa imene gulu linamanga pafupi ndi msewu, ndiye kuno sikufikanso munthu. Lata limodzi lachoka padenga. Zipika ziwiri za muwanga zikadali pomwepo, china chokwera china chotsika, pakati pake pali malo ozungulira pamene mgolo unadya mtengo. Pansi pomwe panali mpopi dothi ndi lakuda, udzu wamera ponseponse koma pamenepo wapalambalala. Madzi a mvula ya dzulo adikha m'kadzenje, pamwamba pake mitundu ya utawaleza ikuyenda pang'onopang'ono ngakhale kulibe mphepo. Mwala wawo wagwera maluwa ouma a mango. Chipewa chili pa msomali, pakati pake patalendewera, ndipo mavu amangamo chisa.

Ndinakhala pamwalapo kufikira mthunzi utasuntha, ndikudikira kumva gu uja, ngakhale ndikudziwa kuti mulibe mgolo woti utembenuke. Pa msomali wina chigubu chikadali chozondoka monga ankachisiyira azakhali. Ndinachitsitsa n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Munalibe kanthu.